Mabowo Awiri pa Galasi la Bukuru

Yasinta anamata thabwalo pagalasi ndi tepi yambirimbiri, kenako n'kulikoka pang'ono kuti aone ngati lisuntha. Silinasunthe. Linali thabwa laling'ono lobooledwa pakati, ndipo bowo lakelo linagwera ndendende pamzere wozungulira umene malemu mwamuna wake, Bukuru, anajambula ndi inki yakuda pagalasi la kumapeto kwa thanki ya nsomba. Mizere yotereyi inalipo iwiri, yoyandikana, chakumtunda kwa galasilo.

"Ndiye mwatsimikizadi, Mama Devota?" anafunsa Bi Tausi, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, amene anali chiimire kumbuyo kwake ndi ketulo yodzaza madzi. Yasinta ankaitanidwa choncho potengera dzina la mwana wake.

"Ndikanakhala wokayika sindikanakudzutsani m'mamawa chonchi."

"Simunandidzutse inu. Ine imandidzutsa ndi nyamakazi, tambala asanaganize n'komwe zolira."

Thankiyo inatenga pafupifupi khoma lonse la pabalaza. Munthu wamtali akanatha kugonamo osapinda miyendo, ndipo galasi lake linali lochindikala ngati chala chachikulu cha mwamuna. Inakhazikidwa pamwamba pa njerwa zofika m'chiuno. Munali nsomba khumi ndi ziwiri, zamizere yabuluu ndi yakuda, zotupa pamphumi. Bukuru anazigwira yekha m'miyala ya pansi pa nyanja, kumwera kwa Kigoma, m'zaka zimene ankagwira ntchito yomira asanabwerere ku magalasi, ntchito ya bambo ake. Ankazitcha akuluakulu, chifukwa zinkayenda pang'onopang'ono ngati anthu opita kukaweruza mlandu. Ana a nsombazi ndiwo ankadyetsa pakhomopo. Akakula kufika pa chala, ankabwera kudzawagula anthu otumiza nsomba zokongoletsa m'nyumba kumaiko akutali, ndipo timichira timeneti ndi timene tinkaphunzitsa Devota, mwana wawo mmodzi yekhayo, unamwino ku Tabora.

M'mawa umenewo Yasinta anali atapungula madzi mpaka theka. Ndowa zinali ndandanda kuchokera pabalaza mpaka pakhonde. Akuluakulu anali ataunjikana kumapeto enawo, kuseri kwa miyala, akungoyang'ana.

Bukuru anagwa kuntchito Lachinayi lina masana, ndipo sanadzukenso. Atakwana masiku makumi anayi, achibale anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti agawe za malemu. Wogamula anali Mzee Ntahondi, amalume ake a Bukuru.

"Nyumba ndi zonse zogwirana ndi nyumba, kaya ndi zitseko, kaya ndi mipope, zikhale za mayiyu ndi mwana wake," anatero mkuluyo. "Zonyamulika agawane abale."

Toyi, amene anabadwa mapasa ndi Bukuru, anafunsa za thanki.

"Imanyamulika?" anafunsa mkuluyo.

"Amuna asanu ndi atatu akhoza kuikweza pa lole."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Yasinta anali pamphasa pakati pa amayi anzake, atafunda kumutu. Pamsonkhano wotere mkazi wamasiye amamva, salankhula. Anamva tsiku limene anaika loti adzanyamule katundu, Loweruka la sabata yachitatu. Pambuyo pake anamvanso, kwa ogulitsa tomato, kuti Toyi walonjeza thankiyo kwa mwini hotela ina yatsopano ya kumtunda.

Chimene anthu a pansi pa mango aja sanapite kukachiona chinali kuseri kwa khoma la pabalaza. Kumeneko Bukuru anali atamanga kale dziwe laling'ono la simenti, la mchenga ndi timiyala, losefera madzi. Anaboola khoma n'kulowetsa mipope iwiri, wina wotulutsa madzi akuda, wina wobweza oyera. Milomo ya mipopeyo inali kudikira mumpata wa pakati pa khoma ndi galasi la kumapetolo, itatsekedwa ndi sanza kuti mphemvu zisalowe. Kunatsala mabowo awiri basi.

"Lamulungu likubwerali, tikachoka ku Misa," anatero Bukuru tsiku limene anajambula mizereyo, akupukuta inki pachala. Linali Lachitatu.

Yasinta anapita kwa amisiri awiri a magalasi. Wa ku Mwanga anati galasi loimirira, lokhala ndi madzi kuseri kwake, iye salikhudza ngakhale mwini wake atagwada. Wa ku Kibirizi anamupatsa mpando ndi tiyi, anapepesa za maliro nthawi yaitali, kenako n'kunena mwaulemu kuti Toyi ndi mnzake wa pabawo. Pobwerera, ali m'bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu, Yasinta anaganiza. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, thanki iliyonse imene Bukuru anaboola, wothira madzi anali iye. Choboolera sanachigwirepo, koma khutu lake linkadziwa kulira kwake konse, kwabwino ndi koipa. Devota atamva pafoni anati, "Amayi, dikirani ndibwere." Koma Loweruka silikanadikira Devota.

Tsopano, m'mawa wa Loweruka lija, anatenga choboolera chija patebulo. Chinali cha batire, cholemera kuposa mmene ankaganizira. Kutsogolo kwake kunali chitsulo chonga kapu yaing'ono, m'milomo mwake muli tokalakala ngati mchenga. Anapisa dzanja m'thanki n'kuonetsetsa kuti tepi ya mkati yagwira, ija yoti iwakhe chidutswa cha galasi chikamasuka. Kenako anachita chizindikiro cha mtanda. Bi Tausi ananong'ona bismillahi yake.

"Tamupempha mbali zonse ziwiri," anatero Bi Tausi. "Akakana ndiye kuti wakanadi."

"Muzithira pamwamba pa chitsulochi. Kamadzi kochepa ngati ulusi, koma kasaduke. Galasi likauma limatentha, likatentha limang'aluka."

"Ndathira mafuta m'chiwaya zaka makumi anayi, mwana wanga. Kuthira ndiye musandiphunzitse."

Chitsulocho chitakhudza galasi chinalira mokukuta, ndipo mano a Yasinta anachita dzanzi. Nsomba zonse zinatembenukira kumodzi. Madzi otsika pagalasi anayamba kuyera ngati mkaka wosungunula, n'kumagwera m'beseni limene anaika pansi. Mtima unkamuuza kuti akankhe, athane nazo msanga. Koma m'makutu mwake munali mawu amene Bukuru ankauza aliyense wofuna kuphunzira: usakankhe, chitsulo chikudziwa njira, iwe ungochiperekeza.

Kangalande kozungulira katazama mokwanira, anaimitsa n'kuchotsa thabwa lija. Inki inali itadyeka. M'malo mwake munali mphete yoyera, yosalala. Anaiyang'ana kanthawi, n'kubwezeramo chitsulo.

"Zimatenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Bi Tausi.

"Galasi ngati ili, bowo limodzi theka la ola. Ngati sitithamanga."

"Nanga alamu anu anati abwera nthawi yanji?"

"Masana."

"Masana a Toyi amayamba anthu ena akumwa tiyi."

Sanalakwitse. Ketulo yachiwiri isanafike pakati, panja panaima lole. Kunamveka amuna akudumphira pansi, ndi chitseko cha kumbuyo chikugwa. Kenako wina anatsokomola pakhonde, anaodira kawiri, n'kudikira.

Chichitikire maliro, Toyi sankalowa m'nyumbamo asanadzidziwitse chonchi. Tsiku loyamba atalowa mwakachetechete, Yasinta anagwetsa mbale, popeza nkhope imene inaima pakhomo inali ya munthu amene anamuika m'manda dzulo lake. Kuyambira pamenepo Toyi anasiya kumeta, ndipo tsopano anali ndi ndevu zimene sizinkamukhala n'komwe. Palibe amene anazitchulapo, koma Yasinta ankadziwa kuti anazisungira ndani.

"Lowani, alamu," anatero osatembenuka. "Mundikhululukire, manja ndi otangwanika."

Toyi analowa n'kuima. Anayang'ana ndowa, beseni la madzi oyera, ndi mipope yotuluka m'khoma. Sanafunikire kuuzidwa. Anapereka kaye moni kwa Bi Tausi monga analeredwera, kenako mawu ake anauma.

"Alamu, mukuchita chiyani ndi katundu wa eni?"

"Ndikumaliza ntchito ya m'bale wanu."

"Imitsani kaye tilankhulane."

"Makutu sakugwira choboolera. Lankhulani."

Maso a Toyi anayenda pansi kufunafuna chingwe cha magetsi choti azule. Panalibe. Anasendera pafupi, dzanja lake litatambasukira kuchigongono cha Yasinta.

"Mukandigwedeza," anatero Yasinta motsitsa mawu, "chitsulo chipotoka m'ngalandemu, ndipo mng'alu uyenda kuchokera apa mpaka pansi. Mukudziwa zimenezi kuposa ine. Ndinu mwana wa mmisiri."

Dzanja lija linaima m'malere, n'kubwerera m'thumba.

"Mukudziwanso kuti mwina galasi limenelo ndi lowotcha? Lija la mawindo a galimoto, loti ukaliboola limasanduka mchere?"

"Likanakhala lowotcha bwenzi pano tonse tikusambira ndi akuluakulu. Analidula yekha ndi kampeni kake ka magalasi, ine nditagwira mbali inayo. Lowotcha silidulika."

"Aphunzitseni, Mama Devota," anatero Bi Tausi. "Anathawa ntchito ya bambo ake kukayendetsa malole, lero abwera kudzatilembetsa mayeso."

"Bi Tausi, nkhani ya banja lino ikukukhudzani pati?"

"Paphewa, mwana wanga. Paphewa pomwe pano."

Toyi sanaseke. Anayenda mpaka pawindo n'kubwerera.

"Mzee Ntahondi anagamula anthu onse akumva."

"Ndinamva. Anati zogwirana ndi nyumba zikhale. Ikamakwana nkhomaliro iyi ikhala itagwirana nayo."

"Chimenecho n'chinyengo."

"Mipopeyo ndinaika ndine? Mizereyi ndinajambula ndine? Onani manambala ali pambalipo. Dzanja la m'bale wanu mukulidziwa."

Toyi sanafune kuyang'ana, koma anayang'ana. Pambali pa mzere wachiwiri panali muyeso wolembedwa mopendekera kumbuyo, mmene Bukuru, amene anali wamanzere, ankalembera kuyambira ali pabenchi limodzi ndi Toyi kusukulu. Atalankhulanso, mawu ake anali atatsika.

"Safunsa anadya phula, alamu."

"Ndinafunsa amisiri awiri. Wina anandipatsa tiyi."

"Mverani. Ine sindikulimbana nanu. Thanki iyi imafuna ndowa makumi awiri pa sabata, kutulutsa ndi kubwezera. Bukuru ankachita zimenezo ndi msana wa mwamuna, ndipo ankadandaula. Inu muli nokha. Mwezi usanathe nsombazi ziyamba kuyandama chagada, imodziimodzi, inu mukuona. Kuhotela kuli makina, kuli anthu olembedwa ntchito yomweyo. Ndinapereka mawu anga kwa munthu, ndipo amuna asanu ndi atatu ali panjapo."

"N'chifukwa chake mabowowa. Madzi aziyenda okha."

"Nanga likasweka?"

"Likasweka laswekera kwawo. Liswekere pano, pamene mwini wake analimangira, kusiyana n'kukakhala kumene alendo azikaligogoda ndi mafoloko akudikira chipisi." Thukuta linali kulowa m'maso, ndipo analibe dzanja lopukutira. "Yaikazi ili kuseri kwa mwala waukuluyo ili ndi mazira m'kamwa. Ino ndi sabata yachitatu isanadye kanthu. Muikweze pa lole, iwalavula musanafike pamsika wa Mwanga."

"Zachikazi za m'nyumba muno," anatero Bi Tausi, "zimadziwa kutseka pakamwa mpaka nthawi yake."

Nthawi yonseyi choboolera chinali kulira, ndipo mapewa a Yasinta anali atayamba kuyaka. Koma woyamba kugonja anali Bi Tausi. Ulusi wa madzi uja unayamba kunjenjemera, kugwera pambali, kubwerera. Mayiyo anasinthira ketulo kudzanja lamanzere, n'kuichirikiza ndi chigongono. Kenako ketuloyo inatha madzi. Anawerama kuti atunge mundowa, koma zala zake zotupazo zinakana kugwira. Chivundikiro chinagwa, ketulo n'kutsatira.

"Mama Devota, dzanja lafa. Imani pang'ono."

Kulira kwa chitsulo kunasintha. Kunakwera, kunauma. M'malo mwa mkaka uja, m'ngalandemo munayamba kutuluka kafumbi koyera.

Yasinta ankadziwa zoyenera kuchita: kumasula chala, kutulutsa chitsulo, kudikira madzi. Ankadziwanso kuti akangochitulutsa, Toyi amulanda choboolera mwaulemu wonse. Ngalande yathekayo akaimata ndi kagalasi kena n'kuitembenuzira kukhoma la hotela, ndipo amuna aja alowa ndi zingwe zawo. Sanamasule chala.

"Alamu, likuuma," anatero Toyi.

"Ndikumva."

"Imitsani."

"Sindiimitsa."

"Muphwanye galasi la Bukuru chifukwa cha makani?"

"Madzi ali mundowamo," anatero Yasinta, maso ali pachitsulo.

Mumtima anangoti, Ambuye, mukuona.

M'chipindamo munamveka kafungo ka chitsulo chotentha. Toyi ananena mawu ena pansipansi, amene Bi Tausi ananamizira kusawamva. Anatola ketulo, anaimiza mundowa, n'kudzipanikiza mumpata uja pambali pa mlamu wake. Sanakhuthule madziwo nthawi imodzi, chifukwa madzi ambiri ozizira pagalasi lotentha ndi mng'alu womwewo. Anayamba ndi timadontho, chapatali pang'ono, kenako n'kusendeza ulusiwo mpaka pachitsulo. Fumbi linasanduka phala, phala linasanduka mkaka. Kulira kuja kunatsika n'kubwerera m'malo mwake.

"Sindikuthandiza inu," anatero Toyi. "Ndikupulumutsa galasi."

"Ndamva, alamu."

"Dzanja lanu likutsika. Kwezani kumbuyoku pang'ono. Ayi, mwapitirira. Apo."

Bi Tausi anakhala pampando akusisita phewa.

"Taonani mmene akuthirira," anatero. "Ngati anabadwa ketulo ili m'manja. Malole anangotibera munthu."

Mmodzi wa amuna aja anasuzumira pakhomo, chingwe chili paphewa.

"Bwana Toyi, tilowe?"

"Dikirani panja," anayankha Toyi osatembenuka.

Anapitiriza ntchitoyo chomwecho nthawi yaitali. Yasinta ankamva kupuma kwa munthu wa pambali pake, ndipo ankayesetsa kusamvetsera, popeza kunali kupuma kodziwika. Ketulo ikatsala pang'ono kutha, Toyi ankatunga ndi kapu kudzanja linalo n'kuwonjezera, ulusi osaduka. Yasinta naye ankachita chomwecho zaka zonse zija. Anali asanaganizepo kuti Bukuru anamuphunzitsa zimene bambo awo anaphunzitsa ana awiri tsiku limodzi.

"Mkati mwamata tepi?" anafunsa Toyi.

"Ndamata."

"Mwatsala pang'ono kutulukira. Apa ndi pamene anthu amaphwanyira, poona kuti afika. Chotsani mphamvu zonse. Chigwireni ngati mwagwira dzira."

"Kuona maso a nkhono," anayamba Bi Tausi.

"Bi Tausi, chonde," anatero onse awiri.

Mkati mwa galasi, pansi pa tepi, munaoneka kadontho koyera, n'kutsetsereka. Kenako kena mbali inayo. Kulira kunapepuka, choboolera chinalowa chokha pang'ono, ngati phazi lopeza kuti masitepe atha, ndipo Yasinta anamasula chala.

M'nyumbamo munangoti zii. Anatulutsa chitsulocho pang'onopang'ono, mowongoka. Bowo linali pamenepo, lozungulira bwino, kuwala kwa pawindo kukudutsamo. M'mphepete mwake, chamkati, munali pobenthuka pang'ono, kukula kwake ngati chikhadabo cha khanda. Toyi anapapasa pamenepo ndi chala, n'kupendeketsa mutu uku ndi uku kufunafuna mng'alu wobisika. Sanaupeze.

"Kalabala ka mpope kaphimba pamenepa," anatero. "Bukuru akanakunenani. Koma kaphimba."

Yasinta anaika choboolera patebulo, pakati pa iye ndi Toyi. Manja ake anali atatheratu mphamvu. Sakanatha kuchiteteza tsopano ngakhale akanafuna. Mzere wachiwiri unali pomwepo, wakuda, wosakhudzidwa, ndipo mipope inali ikadali ndi sanza zake kukamwa. Thankiyo inali ikadali yonyamulika. Onse awiri ankadziwa zimenezo.

Toyi anapisa dzanja m'thanki n'kumatula tepi pamodzi ndi chidutswa chija, chozungulira, chochindikala, chobiriwira m'mbali. Anachitsuka mundowa. Pawindo panali chitini chakale cha mabisiketi mmene Bukuru ankaponyamo chidutswa cha bowo lililonse limene anaboola, mwambo umene anautenga kwa bambo awo. Toyi anachiyang'ana chitinicho, koma sanachitsegule.

"Ichi n'chonyamulika," anatero, akuonetsa chidutswacho.

"N'chonyamulika."

Anachiika m'thumba la malaya, n'kutuluka.

Yasinta anamvetsera. Anamumva akuuza amuna aja kuti akweze mipando, njinga yamoto, firiji ndi mabenchi a kuntchito. Wina anafunsa za thanki, ndipo Toyi anayankha.

"Imeneyo isiyeni."

"Nanga mwini hotela?"

"Ameneyo ndikaonana naye ndekha. Akatukwana, makutu ndi anga."

Bi Tausi anamasula kansalu kamene anabwera nako. Munali zitumbuwa za mpunga, monga m'mawa uliwonse chichitikire maliro. Anakankhira chimodzi kwa Yasinta.

"Idyani. Dzanja limafookanso ndi njala."

Ziwiri anaziika pasosa n'kuzivundikira, osanena kuti n'za ndani.

Amuna aja analowa n'kuyamba kunyamula. Anatulutsa mipando itatu, kabati, ndi wailesi imene Bukuru ankamvera mpira. Yasinta anaima pafupi ndi thanki akuonerera, chitumbuwa chili m'manja. Pamene panali mpando waukulu panatsala malo oyera pasimenti, ndi cholembera chimene chinatayika chaka chatha. Mmodzi wa amunawo anachitola n'kumupatsa ndi manja awiri. Pabalaza panakula, ndipo mawu anayamba kumveka ngati m'tchalitchi mkati mwa sabata.

Toyi anabwerera atapinda manja a malaya. Anaona sosa ija, anadya chitumbuwa chimodzi ali chiimire, n'kuloza patebulo.

"Choboolerachinso n'chonyamulika."

"Ndikudziwa. Muchitenga ndikamaliza."

Toyi anachinyamula. Anasolola batire, anatenga lina m'bokosi la Bukuru, analilowetsa, n'kuyesa kawiri m'malere.

"Lachiwirili ndiboole ine? Manja anu atopa."

"Ayi."

"Ndimadziwa." Anamupatsira choboolera, chogwirira chili kutsogolo. "Mzee Ntahondi atiitana. Mukudziwa zimenezo."

"Ndikamuuza kuti ndinaboola ndine. Ulendo uno ndikalankhula."

"Nanga akafunsa kuti ankathira madzi ndani?"

Yasinta anatenga thabwa lija, analigonetsa pamzere wachiwiri, n'kuyamba kulimata ndi tepi. Analikoka pang'ono kuti aone ngati lisuntha.

"Ameneyo akadzinenera yekha."

Toyi anakanda ndevu zake. Kenako anamiza ketulo mundowa, anasendeza beseni ndi phazi, n'kulowanso mumpata uja. Anayamba kuthira chitsulo chisanakhudze galasi, monga ziyenera kukhalira. Yasinta anadikira mpaka inki yonse ya Bukuru itanyowa, ndipo anadina batani la choboolera.